Charlie ameneyu ndi ndani? Ndithandizeni, ndatsala pang'ono kumuphikira nsima

NaPhiri_wa_25
Anzanga ndithandizeni nzeru, usiku wathawu sindinagone. Ndimasunga mwana wa malemu achimwene anga, mnyamata wa zaka 23. Anamaliza koleji chaka chatha koma ntchito yeniyeni sinapezeke, amangogwira maganyu okonza mafoni ku Old Town. Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikumva dzina loti Charlie pakamwa pake. Akapita kuseri kwa nyumba ndi foni, mumangomva "Charlie wafika?" Lachisanu likakwana, "tikumana ndi Charlie ku Bwandilo." Ine mu umbuli wanga tsiku lina ndinamuuza kuti iwe, mnzako Charlie ameneyu ubwere naye kuno adzadye nsima, timudziwe. Anaseka mpaka kutsamira khoma.

Dzulo anasiya foni pa chaja pabalaza, uthenga n'kulowa ine ndikusesa pomwepo. Sindinatsegule ayi, unangoonekera pamwamba: "Charlie alipo koma lero ndi ya pompopompo, ngongole ija yakwana." Mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 ndi amene wandinong'oneza kuti mayi, Charlie si munthu, ndi kokeni, mankhwala ozunguza bongo. Kodi ndi zoona? Mu Lilongwe mommuno? Nanga mayina ena ndi ati, kuti ndikawamva ndizidziwa? M'nyumba mwasowa kale ayironi ndi kasilinda ka gasi, ine n'kumaganizira mtsikana wa ntchito yemwe ndinamuchotsa.

Dolo_wa_Biwi
Pepani mayi koma ndaseka kaye pa nsimapo. Ndiwo munakonza zanji za a Charlie?

GogoWaMchesi
Iwe Dolo, munthu akulira iwe ukuseka. Ukule.

MphunzitsiWopuma
A NaPhiri, mwana wanu wamkaziyo sananame. Charlie ndi dzina la kokeni lodziwika kwambiri ku Britain, ndipo anyamata athu amalitola m'mafilimu ndi pa intaneti. Chinsinsi chake n'chaching'ono: m'Chingerezi mawu oti kokeni amayamba ndi C, ndipo asilikali ndi oyendetsa ndege akamatchula zilembo pa wayilesi, C amamutcha Charlie. Ubwino wake kwa iwo ndi umene mwauona nokha, kuti munthu atha kulitchula pamaso pa azakhali ake iwo n'kumaganiza zowonjezera ufa mumphika.

Ena amene ndikuwadziwa: coke, amene ndi chidule chabe. Snow, white, powder ndi flake, onsewo akunena za maonekedwe, poti ndi ufa woyera. Blow. Nose candy, ngati kunena kuti switi wa mphuno. Olankhula Chisipanishi amati perico, dzina la mbalame ya mtundu wa chinkhwe, ndipo anthu amafotokoza kuti n'chifukwa choti wokoka amalongolola osapuma. Ku America mumvanso yayo. Akati rock akunena crack, yomwe ndi kokeni yemweyo atamusandutsa timiyala tosuta. Dzina loti crack linachokera ku kuthetheka kwake akamaitenthetsa, ndipo inawononga anthu ambiri m'mizinda ya ku America m'zaka za m'ma 1980.

Palinso mawu a muyezo. Line ndi kamzere ka ufawo, bump ndi kochepa kongotapa, ndipo eight ball ndi magalamu 3.5.

Mjomba_Kawale
Ine ndikukana. Kokeni ndi zinthu za ana a mabwana a ku Area 10 ndi Area 43, omwe amasintha galimoto ngati malaya. Mnyamata wokonza mafoni ku Old Town angaipeze ndi ndalama iti? Chinthu chochokera ku South America, chawoloka nyanja, chadutsa m'manja mwa anthu khumi, aliyense akuikapo yake. Mayi, mwana wanuyo mwina ndi chamba basi, kapena betingi. Charlie atha kukhala munthu weniweni wa katapila.

NaPhiri_wa_25
A Mjomba, chamba ndimachidziwa fungo lake, ndinakulira ku Nkhotakota ine. Ameneyu sanunkha kanthu. Koma Loweruka amabwera m'bandakucha ali gwa, maso ali tong'o, n'kuyamba kundifotokozera za bizinesi ya mamiliyoni yomwe akufuna kutsegula, ine ndili ndi chitenje m'khosi ndikufuna kugona. Lamulungu ndi Lolemba ndiye mtembo, sadzuka, ukamuyankhula akuyankha ngati wamulakwira. Mphuno yake ndi chimfine chosatha, mwezi wa Okutobala kutentha konseku.

Nesi_waUsiku
A NaPhiri, zimene mwalemba komalizazi zandiuza zambiri kuposa dzina la Charlie. Ndine namwino, sindingayeze munthu pa foni, koma ndikuuzeni zimene kokeni amachita kuti mufananize nokha.

Amafulumizitsa thupi lonse. Mtima umathamanga, BP imakwera, timaso takuda tapakati timakula, njala imatha, tulo timathawa, munthu amadziona ngati palibe chomukanika. Mu ubongo muli dopamine, amene amatipatsa chisangalalo tikadya bwino kapena tikapambana pa china chake. Nthawi zonse akagwira ntchito yake amabwezedwa m'malo mwake, koma kokeni amatseka njira yobwererayo, ndiye amangodzadzana. Vuto lake chisangalalocho n'chachifupi. Wokoka m'mphuno chimamutha pa mphindi 15 mpaka 30, wosuta crack mphindi 5 mpaka 10 basi. Ndiye amabwereza, n'kubwerezanso, usiku umodzi ndalama ya lendi yapita. Ikatha m'thupi ndi pamene mukuona Lamulungu ndi Lolemba lanulo: tulo, kukwiya, kukhumudwa, ena mpaka maganizo ofuna kudzipha.

Mphunoyo ndi chifukwa choti kokeni amafinya mitsempha ya magazi. Mkati mwa mphuno mumauma, mumachita zilonda, kamfuno pafupipafupi, ndipo kwa okhalitsa kachipupa kolekanitsa mphuno ziwiri kamabooka. Kufinya komweko kukachitika pa mtima kapena mu ubongo, mnyamata wa zaka 23 atha kugwa ndi matenda a mtima kapena sitiroko ngati nkhalamba. Akaphatikiza ndi mowa, chiwindi chimapanga chinthu china chotchedwa cocaethylene chomwe chimakhalitsa m'magazi ndipo chimapweteka mtima kwambiri. Ndiye mukati ku Bwandilo Lachisanu, ine nkhawa yanga ili pamenepo.

Akadzadandaula kupweteka pachifuwa, akadzakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, thupi litatentha kwambiri, musadikire kuti kuche. Thamangani naye ku chipatala cha Kamuzu Central ndipo mukawauze madokotala zoona zake.

Mjomba_Kawale
A Nesi zonsezo ndamva, koma funso langa la ndalama simunaliyankhe.

Dolo_wa_Biwi
Mjomba, ayironi ndi silinda ya gasi zayankha kale.

Nesi_waUsiku
A Mjomba, muli ndi mfundo pang'ono, koma ikupita kwina kumene simukuyembekeza. N'zotheka ndithu kuti chimene mnyamatayu akugula ndi kokeni pang'ono chabe, china chonsecho n'zosakaniza. Ogulitsa amachulukitsa katundu ndi ufa wina uliwonse woyera. M'mayiko amene amayeza kokeni wogwidwa, kawirikawiri amapezamo levamisole, mankhwala a njoka za m'mimba a ng'ombe ndi mbuzi, omwe mwa munthu amatha kugwetsa chitetezo cha m'thupi n'kuwola khungu. Ku America ndi Canada anthu afa atakoka ufa womwe munali fentanyl, mankhwala opha ululu amphamvu kwambiri, iwo osadziwa. Kapepalako sikalembedwa za mkati ngati botolo la ku famase. Wogula amangokhulupirira dzina limene wauzidwa.

Chigayo_Chinsapo
Inu mwanditopetsa ndi ufa woyera, ufa woyera. Ena tikudyera momwemo. Mawa kasitomala akandiimbira kuti "ufa wanga watheka?" apolisi andinjata ine wosalakwa.

Mai_waDar
A Chigayo musaseke, ku Tanzania ndi momwemo ndithu. Ine ndimapita ku Kariakoo kukaoda zovala. Kumeneko unga ndi ufa wa nsima, koma akati "anauza unga" ndi nkhope ina yake, akunena mankhwala ozunguza bongo, heroin kapena kokeni. Omwe anakodwa nawo amawatcha mateja. Ulendo wanga woyamba ndinafunsa mnyamata wa pamalo ogona kuti unga wabwino ndingaupeze kuti, poti ndinkafuna kuphika ndekha, chakudya chawo cha mafuta chinali chitandikola. Mmene anandiyang'anira!

Chigayo_Chinsapo
Kkkk. Komatu ufa weniweniwu nawonso wayamba kuzunguza bongo. Thumba la chimanga mwaliona mtengo wake? Ndiye magetsi akazima tsiku lonse azimayi ali pamzere ndi madengu, ine ndili ndi dizilo woti ndiwerengere madontho.

GogoWaMchesi
Ine chimanga ndinagula nthawi yokolola ku Mitundu, ndinathira mankhwala, koma anankafumbwe alowabe. Alipo akudziwa mankhwala abwino?

Admin_Lilongwe
Agogo, za anankafumbwe tsegulani nkhani ina. Tibwerere kwa a NaPhiri.

Wobwera_ku_Joni
Azakhali, ndikuyankhani ngati munthu amene anadutsamo. Sindinyadira, koma mwina zikuthandizani.

Ndinakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, ndikugwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti. Mashifiti awiri motsatizana, miyendo kutupa. Usiku wina mnzanga wa pa gulilo anandiitanira kuchimbudzi cha antchito, n'kutapa kaufa ndi nsonga ya kiyi wa loka. Ndimakumbukira kuwawa kwake kukutsikira kukhosi ngati wameza kwinini, ndi nkhama kuchita dzanzi. Ndinabwerera pa sinki n'kutsuka mapoto onse ndikuimba. Ndinaganiza kuti ndapeza mankhwala a kutopa. Koyamba sanandilipiritse. Kachiwirinso ayi.

Za mayina zimene mukufunsazi, ndikuuzeni zoona: mndandanda wa aphunzitsi uja ndi wolondola, koma ife sitinkaugwiritsa ntchito kwambiri. Mayina odziwika ndi a m'mafilimu. Pakati pa anthu anayi ogwirizana mumapanga anuanu. Ife tinkati mchere, poti kukhitchini palibe angadabwe ukafunsa mchere. Bwana atayamba kukayika tinasintha n'kumati overtime. Wogulitsa mu foni yanga ndinamulemba kuti Plumber. Mkazi amene ndinkakhala naye anadabwa kuti paipi yanji imaphulika Lachisanu lililonse.

Ndiye inu mukaloweza Charlie lero, mnyamatayo akangodziwa kuti mwadziwa, mawa adzakhala Agogo kapena Mabuku. Simungawapeze pa liwiro limenelo. Chimene sichisintha ndi ndalama ndi tulo. Ine ndinagulitsa TV, nsapato, mpaka foni ya mkazi uja. Kumudzi ndinasiya kutumiza, amayi ndinkawanamiza kuti andibera pa Park Station. Ndinabwera pa basi kudzera ku Tete ndi ku Dedza ndi kachikwama kamodzi, munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi kunja. Pano ndatha zaka zinayi osakhudza, koma mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala otsukira chimbudzi a mtundu uja, mtima umagunda.

Chinthu chimodzi chokha: uthenga uja wakamba za ngongole. Fulumirani pamenepo. Anthu amenewa sapita ku khoti.

NaPhiri_wa_25
Achimwene, zikomo. Ndawerenga kawiri. Ndalira. Nanga inuyo anakuthandizani ndani?

Wobwera_ku_Joni
Malume anga a ku Likuni. Sanandikalipire. Anandipatsa ntchito yonyamula matumba a simenti pa sayiti yawo, malipiro ankasunga iwo n'kumandipatsa ya sopo yokha, ndipo anandiperekeza okha kwa alangizi kuchipatala. Miyezi itatu yoyamba ndinkawada ngati mfiti.

Mlaliki_Senti
Mlongo, izi ndi ziwanda. Dzina lenileni la chinthu chimenechi si Charlie, ndi msampha wa mdyerekezi. Bwerani naye ku mapemphero a usiku Lachisanu, unyolo uduka. Zachipatala ndi za thupi, nkhondoyi ndi ya mzimu.

Nesi_waUsiku
Abusa, pempherani ndithu, inenso ndine wa Mvano. Koma musamuuze kuti asapite kuchipatala. Munthu akasiya kokeni amagwa m'kukhumudwa kwakukulu, ndipo masiku amenewo amafunika wina wodziwa kumuyang'anira. Ku chipatala cha Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo, a St John of God alinso mu Lilongwe muno kuwonjezera pa ku Mzuzu kuja, ndipo amathandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala. Si kuti aliyense wopita kumeneko amatumizidwa ku Zomba ayi, ambiri amangoyendera kuchokera kunyumba.

Mlaliki_Senti
Sindinakanize chipatala ine. Ndati ayambe ndi Mulungu.

Dolo_wa_Biwi
Bola Lachisanu usiku akhale ku tchalitchi kusiyana ndi ku Bwandilo, pamenepo abusa ndagwirizana nanu.

Titha_2002
Ine ndiyankhule ngati wachinyamata, mundikhululukire akuluakulu. Choyamba, kuwerenga foni ya munthu wa zaka 23 si bwino. Chachiwiri, mawu ambiri amene mwalembawa timawatchula tikungocheza. Munthu kulemba snow kapena kuika kachithunzi kake pa status sizitanthauza kuti akukoka. Muyamba kugwira ana osalakwa. Mnzanga anamenyedwa ndi bambo ake chifukwa cha uthenga woti "bweretsa coke", chonsecho ankanena chakumwa cha pa shopu.

NaPhiri_wa_25
Mwanawe, foni sindinatsegule, ndanena kale. Koma ngakhale ndikanatsegula, nyumba ndi yanga, gasi anasowayo ndi wanga, ndipo maliro akachitika adzakhala pakhomo panga.

GogoWaMchesi
Auzeni. Ana a masiku ano chinsinsi amachifuna, koma nsima ya ulere sakana.

MphunzitsiWopuma
Titha asanyozedwe, wanena chinthu chanzeru. Liwu limodzi si umboni. Kwa a NaPhiri pali liwu, ngongole, katundu wosowa, tulo ndi mphuno, zonse pamodzi. Kholo lina lisatenge mndandanda wanga uja n'kukayamba kufufuza nawo m'nyumba ngati CID.

Za coke wa pa shopuyo, mayina awiriwa ndi apachibale ndithu. John Pemberton atayamba kupanga Coca-Cola ku Atlanta mu 1886, ankathiramo madzi a masamba a coca, ndipo munali kokeni pang'ono mpaka cha m'ma 1903 pomwe anamuchotsa. Nthawi imeneyo sankamuona ngati choopsa. Albert Niemann wa ku Germany ndi amene anamupatula kuchokera m'masamba cha mu 1860, ndipo mu 1884 dokotala wa maso Carl Koller ku Vienna anaonetsa kuti amachititsa dzanzi diso n'kulichita opaleshoni munthu ali maso. Dzanzi la nkhama limene a ku Joni akamba ndi lomwelo. Masambawo amalimidwa ku Colombia, Peru ndi Bolivia, ndipo anthu a m'mapiri a Andes akhala akuwatafuna kuyambira kalekale pothana ndi njala ndi kutopa. Tsamba ndi ufawu n'zosiyana mphamvu ngati thobwa ndi kachasu.

Dolo_wa_Biwi
Ndiye agogo athu a Fanta ndi amene anasankha bwino.

Mjomba_Kawale
Chabwino ndagonja pa za mnyamatayu. Koma chimene chikundinyansa ine n'choti tikutaya nthawi ndi mayina a Chingerezi pomwe chikupha ana ku Kawale kuno ndi midoli, kachasu ndi chamba. Chamba tili nacho ndi mayina athuathu, fodya wamkulu, azungu mpaka anachipatsa dzina loti Malawi Gold. Kokeni alibe n'dzina lomwe la Chichewa. Zikusonyeza kuti si vuto lathu.

Mai_waDar
A Mjomba, Edzi nayonso inabwera ilibe dzina la Chichewa. Tinadzaipatsa tokha titayamba kuika maliro: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Mukufuna tidikire mpaka pamenepo?

Wobwera_ku_Joni
Ku Joni ndinaona momwemo. Nyaope ndi whoonga ndi mayina a m'makomboni, a chosakaniza chokhala ndi heroin chimene amasuta ndi chamba. Ku Cape Town crystal meth, mankhwala enanso ozunguza bongo, amaitcha tik. Anzathu a ku Zimbabwe amene ndinkagwira nawo ntchito ankati mutoriro kapena guka. Chinthu chikapeza dzina la chilankhulo cha pamalopo ndiye kuti chamanga kale nyumba. Musasakanize, zonsezi si kokeni, koma ogulitsa ake nthawi zambiri ndi amodzimodzi, ndipo ndalama ya kokeni ikamuthera munthu amatsikira ku zotchipazo.

Kabaza47
Mabwana, ine ndimayendetsa njinga yamoto, usiku ndimaima cha ku Area 47. Chaka chatha kunali bambo wina wovala bwino amene ankandituma kukasiya kabokosi ka chipisi ku nyumba ina ya mpanda wautali. Ulendo woti ndimalipiritsa mtengo wodziwika, iye ankandipatsa katatu. Ankati ukafika uimbe, unene kuti mankhwala a madam afika. Ulendo wachinayi ndili pa hampu kabokosi kanatseguka. Chipisi chinalimo, chozizira, cha dzulo, ndipo pansi pake panali timapepala ta pulasitiki tomanga mfundo, tating'ono ngati nsawawa. Ndinakasiya, ndinalandira ndalama, ndipo nambala ija ndinaibuloka ndili pa geti pomwepo. Sabata yonse ndinakaima ku Area 18. Ndiye a Mjomba mukati kulibe, ine ndimangoti mumagona msanga.

Zamalamulo18
A Kabaza munachita bwino kusiya. Lamulo lathu la Dangerous Drugs Act limaletsa kupezeka ndi kokeni, ndipo apolisi akakupezani naye pa njinga wogwidwa ndi inu, mwini wake ali pabedi. Mawu oti "sindinkadziwa" mudzakawafotokoza kutsogolo, muli kale pa rimandi ku Maula. Ndi chimodzimodzi amene amagwidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, omwe timawamva m'nyuzi. Ambiri ndi onyamula chabe, wina wapatsidwa chikwama, wina wameza timipira. Kampira kamodzi kakaphulika m'mimba, munthu atha kufa asanafike n'kuchipatala komwe.

Ndikonzeko pang'ono za chamba, poti ena amasokoneza. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo ali ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe. Kokeni ndiye sanakhudzidwe n'komwe.

GogoWaMchesi
Ndiye a NaPhiri angopita ku polisi ya Kanengo akanene, mwana akagone masiku awiri m'chitokosi aphunzire.

Zamalamulo18
Agogo, mlandu ukalowa m'buku subwerera chifukwa azakhali asintha maganizo. Masiku awiri amene mukunenawo atha kukhala mbiri yomutsata moyo wonse pofuna ntchito. Ine ndikanayamba ndi chipatala. Apolisi abwere ngati angongolewo ayamba kuopseza pakhomo.

Wobwera_ku_Joni
Ndipo kundende adzakapeza aphunzitsi abwino kuposa Charlie.

Titha_2002
Azakhali, pepani ngati ndinayankhula mothumbwa. Ndingopempha kuti pokamba naye musaitane mtundu wonse. Anyamata akazunguliridwa ndi amalume asanu amangotseka pakamwa. Komanso musamuyambe Loweruka m'mawa ali mmwamba, kapena Lolemba ali pansi. Lachitatu.

Nesi_waUsiku
Titha walasa. Lachitatu, atadya.

NaPhiri_wa_25
Ndabweranso anzanga. Ndinadikira Lachitatu monga munanenera. Ana ndinawatumiza kwa aneba, ndinaphika nsima ya utaka wothira tomato umene amaukonda, ndinaika mbale zitatu. Atafunsa kuti yachitatuyi ndi ya ndani, ndinati ndi ya Charlie, lero ndikufuna tidye naye pamodzi poti wadya kale ayironi yanga ndi gasi. Sanaseke ulendo uno. Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili m'beseni losambira m'manja, madzi mpaka kuzizira.

Sanavomere zonse. Akuti ndi kawiri katatu kokha, anzake ndi amene amagula, iye atha kusiya tsiku lililonse akafuna. Koma ngongole wavomera, ndipo ndi yoposa malipiro anga a mwezi. Wavomeranso kuti foni ziwiri za makasitomala ake anazipinyolitsa. Za ayironi akuti ndi iye, za gasi akukanabe. Ndamuuza kuti ngongole ya mafoni a eni ake ndithandiza kudzera ku banki m'khonde, koma ndikapereka ndekha m'manja mwa eni mafoniwo, iye sagwira ngakhale K500. Ya anthu enawo sindinayankhe, ndikufuna ndikambe kaye ndi malume ake a ku Dowa, mmodzi yekha, osati mtundu wonse. Kuchipatala wati apita ngati sindiuza abale ena a mayi ake.

Chimene chikundiwawa tsopano ndi mtsikana wa ntchito uja. Ndinamuchotsa ndi mawu oipa pamaso pa aneba. Kwawo ndi ku Nathenje, nambala yake siikugwira.

Wobwera_ku_Joni
"Kawiri katatu kokha" ndinanenanso ine, liwu ndi liwu. Musatsutsane naye za nambala, ingogwirani tsiku la kuchipatala. Ndipo Lachisanu likubwerali musamusiye yekha ndi foni.

Mjomba_Kawale
Mayi, ku Nathenje ndimapitako Loweruka lililonse kukagula tomato. Ndilembereni ku inbox mudzi wake ndi dzina la mfumu, ndikamufunsa pamsika.

NaPhiri_wa_25
Ndakulemberani a Mjomba. Mukamupeza mumuuze kuti malipiro ake a mwezi uja alipo, ndipo ndikufuna ndibwere ndekha kudzapepesa kwa mayi ake. A Nesi, ku Bwaila tifike nthawi yanji kuti tisakhalitse pamzere, ndipo buku lake la kuchipatala lakale lija likufunika?